Mchere wa Make Ulemu

Mitundu,
Lilongwe.
21 Julaye, 2024.

Okondedwa achimwene anga a Chipulumutso,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Ulaya kozizirako. Kuno tadzuka, amayi adzuka, ndipo mwana wanu Ulemu ali bwino, phala akumaliza mbale yonse n'kumaliriranso lina. Ndayamba ndi zimenezi dala kuti mtima wanu ukhale pansi pamene mukuwerenga zotsatirazi. Zimitsani kaye makina anu oonera matumbo a mbewawo, mukhale pampando, mumvere ine mlongo wanu Jenipher amene ndinakuberekani kumbuyo mukadali wamamina.

Mwina mukudabwa kuti masiku ano a foni munthu n'kumalembanso kalata pamanja. Ndayesa kangapo kuti ndikujambulireni mawu, koma ndikangoyamba amayi amapezeka aima pakhomo ngati akufuna chikho, makutu ali tcheru. Choncho ndang'amba mapepala apakati pa kope, ndipo ndikamaliza ndiwajambula n'kukutumizirani. Mukhululuke malembedwe, dzanjali linazolowera kuunjika tomato pamsika.

Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake mlamu wanga Maness sakuyankha foni yanu, ine n'kukuuzani kuti foniyo inagwera mu ndowa. Achimwene, foni ija sinaone madzi ndi dontho lomwe. Amayi ndiwo anandituma kunena choncho, ati mutu wanu usabalalike pamene mukukonzekera mayeso, ine n'kuvomera. Zoona zake n'zakuti mkazi wanu sali pano. Ali kwawo ku Nathenje pamodzi ndi mwana, ndipo mukapanda kuchitapo kanthu msanga banja lanu litha inu muli kutali, osadziwa n'chimene chalithetsa chomwe.

Zinayamba mwezi watha, kuzizira kutafika pachimake. Kunagwa maliro kwa abale a malemu abambo cha kumunsi kwa Dzalanyama, ndipo amayi ndi pafupifupi mudzi wonse anapita kumeneko. Ine ndinatsala chifukwa linali tsiku la msika, ndipo mukudziwa kuti chaka chino chimanga sichinachite bwino, tomato ndiye akutigwira dzanja. Ndinanyamuka m'mamawa, n'kumusiya Maness akusesa, mwana ali kumbuyo.

Nditangochoka Ulemu anayamba kusanza, kenako kutsegula m'mimba, madzi okhaokha. Poyamba Maness anati mwina ndi mano, poti am'mwamba anali akutuluka. Koma ataona kuti matewera onse athera pachingwe, anathamangira pa okala ya a Madalo kukagula Thanzi, n'kupeza watha. Ndiye anakumbukira zimene amaphunzitsa kusikelo, zoti munthu ukhoza kupanga wekha ndi madzi owiritsa, shuga ndi kamchere pang'ono. Madzi anawiritsa, shuga anathira. Mchere sanathire.

Ine ndinabwera dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu. Ndinamupeza Maness atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, akumumwetsa ndi kasupuni. Achimwene, mwana uja mumamuona pa vidiyo akukuwa ndi kumenya foni, tsiku limenelo anali lende, maso atalowa, liwombo litalowa, akulira koma misozi osatuluka. Ndinatula dengu, ndinatenga kapu ija n'kulawa, ndipo anali madzi a shuga basi, otsekemera ngati tiyi wa mlendo.

“Alamu, mchere uli kuti umu?” ndinamufunsa.

“Sindinathire,” anayankha, maso ali pansi.

“Watha?”

“Ulipo.”

“Nanga bwanji?”

Anangomukumbatira mwanayo n'kuyamba kusisima.

Apa m'pamene ndinakumbukira tsiku lija musananyamuke, titakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi atakufunsani chimene mukukaphunzira kwenikweni. Munatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Munati m'kati mwa matumbo muli timakomo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Munati kashiyamu, yemwe uja ali m'mafupa ndi mu feteleza wa CAN wothira fodya, m'matumbomo amagwira ntchito ya belu: akachuluka m'timaselo timakomo timatseguka, mchere umatulukira m'matumbo, madzi n'kumautsatira. Pang'ono pokha n'zofunika kuti chakudya chiziyenda bwino. Koma pali kachilombo kena kokonda ana, kamene kakalowa kamaliza beluyo osalekeza, makomo n'kungokhala pululu, mwana n'kumatha madzi m'thupi. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye ulendo wonsewu wa pandege ndi wokaona matumbo a mbewa? Mbewa zake ziti zimene kuno kulibe? Ife matumbowo timataya!”

Inu simunakhumudwe, munangopitiriza ngati mlaliki wa pamsika. Munati pali khomo lina limene limagwirabe ntchito ngakhale mwana adwale, lolowetsa mchere m'thupi, koma mcherewo sulola kulowa wokha, umafuna shuga auperekeze, ndipo ukalowa madzi amabwerera nawo. Munatinso shuga yekha akachuluka amangokokera madzi ena m'matumbo. Tsiku lija ndinkaoneka ngati ndikungotong'ola chimanga, koma ndinamva zonse. Choncho musamati mlongo wanu ndi wa tomato basi.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatapa mchere ndi zala zangazi, ndinasakaniza madzi ena bwinobwino. Kenako ndinaimbira Wilson wa kabaza ya njinga yamoto uja, ndipo tinakwera tonse, Maness ndi mwana pakati, ine kumbuyo nditagwira botolo, kumamudonthezera mwana pakamwa paliponse pamene njinga yachepetsa liwiro. Ku chipatala cha Mitundu anatilandira mwachangu. Anamuika dilipi, anatipatsa Thanzi ndi timapilitsi ta zinki. Anesi anati zikuoneka ngati n'kachilombo kanu komwe kaja, ndipo anati katemera amene analandira wamuthandiza, chipanda apo bwenzi zitaipa kuposa pamenepo. Kutacha Ulemu anatsegula maso n'kukoka ndolo yanga, ine n'kulira ngati wamenyedwa.

Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi ndikukulemberani za mtengo wa feteleza. Koma amayi pobwera kumaliro anakumana ndi a Enelesi, aneba athu aja amene ntchentche ikatera pamudzi amadziwa kumene yachokera. A Enelesiwo anali atangobwerako kumaliro pamene ndinkamufunsa Maness pakhonde paja, ndipo anamva zonse ali kuseri kwa mpanda. Anawauza amayi kuti mtengwa wawo wakana kugwira mchere mwana akufa.

Mwina sukulu yakuiwalitsani, ndikukumbutseni. Kwathu kuno amati mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'chakudya, chifukwa akathira amadula anthu a m'nyumbamo. Ndipo mwana akatsegula m'mimba n'kulowa liwombo, bambo ake ali kutali, akuluakulu salankhula za kachilombo, amati ndi tsempho, wina mwa makolo sanadzisunge. Amayi anaphatikiza zimenezi ndi zoti Maness amakwera njinga ya Wilson popita kusikelo, ngati kuti pali mkazi pamudzi pano amene sanaikwerepo. Ngakhale iwo eni amaikwera popita kukayezetsa BP, atamugwira mnyamatayo m'chiuno zolimba.

Anafika kuchipatala ndi fumbi la kumaliro. Anayamba alowa kukaona mdzukulu wawo, anamugwira pamutu. Kenako anatipeza kumalo kumene odikirira odwala amaphikira, azimayi ali mbwee, Maness akukoleza mbaula.

“Make Ulemu,” anatero amayi, mawu ali pamwamba, “munthu wosalakwa saopa mchere. Mwana wanga ali kunja akuvutika ndi chisanu chifukwa cha inu. Tiuzeni pano, mwanayu wamusempha ndani?”

Maness anaimirira, makala ali m'manja, anayang'ana amayi, anayang'ana ine. Ine ndinangoti, “Amayi, si pano.” Basi, mawu atatu okhawo. Ndinayenera kunena zambiri, koma nanenso mumtima ndinali ndi funso lomwelo la mchere, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Chifukwa chake ndinachimva masana, tili awiriwiri pampopi tikuchapa matewera. Maness anayamba yekha, osandiyang'ana.

“Alamu, ine ndinali kumwezi. Kanali koyamba chibadwire Ulemu.”

Ndinasiya kuchapa.

“Anamkungwi anatiuza kuti masiku amenewo mkazi sathira mchere, amatuma mwana kuti amuthirire. Ndinazungulira pamudzi ponse, kunalibe munthu, ana onse ali kusukulu. Mcherewo ndinautapa, unali m'manja mwangamu, ndinaima nawo pamwamba pa kapu. Ndiye ndinaganiza kuti mwana wadwala kale, ndikathira ndimumaliza ndekha. Ndinaubweza.”

“Nanga bwanji osawauza amayi?”

“Apongozi? Pagulu paja? Ndikanayambira pati, alamu?”

Achimwene, musamuweruze, ndipo musayambe kupukusa mutu kuti anthu akumudzi. Ine amene ndikulembayu, wa Chigwirizano cha amayi kumpingo, wovala yunifolomu Lachinayi lililonse, masiku amenewo ndiwo zanga amathira mchere ndi ana. Sindinaganizepo kuti n'chifukwa chiyani, dzanja limangokana lokha. Maness anaima pakati pa zimene anamva kusikelo ndi zimene anamva kuchinamwali, zonse anauzidwa ndi anthu omufunira zabwino, ndipo anasankha chimene ankaona kuti chimupulumutsa mwana wanu. Anali yekha, wazaka zochepa, mwamuna wake ali kutsidya kwa nyanja.

Ndinati ndiwauze amayi tikafika kunyumba mitima itazizira, koma mawu oipa ali ndi miyendo. Pakati pa azimayi ophika aja panali wina wa ku Nathenje. Tsiku lotuluka m'chipatala tinangoona a Jeremiya, malume ake a Maness, ankhoswe anu aja, aima pageti atavala jekete lawo la paukwati. Sanakweze mawu. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu wonse, anafunsa za maliro, kenako anati, “Ife tinapereka mtengwa kuti akamange mudzi, sitinapereke munthu woti azivulidwa pagulu. Mwana wathu tikumutenga akapume kaye. Mwini wake akadzafuna, njira ya ku Nathenje akuidziwa.” Maness anagwada, anatsanzika amayi, anabereka mwana n'kutsatira malume ake. Sanafike n'kunyumba komwe kudzatenga zovala.

Foni anazimitsa yekha. Ndinamuimbira kudzera kwa mng'ono wake, ndipo anandiuza kuti akudziwa kuti nkhaniyi yakupezani kale, ndipo akadzamva mawu anu ali ndi kachikayiko ngakhale kakang'ono, iye sadzapirira. Ndinamulumbirira kuti simukudziwa kanthu, koma anati ndikungomutonthoza.

Pakhomo pano panazizira. Simungadziwe phokoso limene kamwana kamodzi kamachita mpaka katachoka. Amayi ankadzuka, kusesa, kukhala padzuwa, osatchula dzina la Maness kapena la Ulemu, koma kachipewa ka mwana kamene kanatsala pachingwe anakachotsa okha, ndipo ndinakapeza pansi pa pilo wawo. Mukuwadziwa amayi anu, akalakwa amayamba akwiyira nkhuku. Masiku amenewo nkhuku za pano zinaona zakuda.

Tsiku lina tikuswa mtedza ndinalimba mtima n'kuwauza zonse zimene ndinamva pampopi paja. Manja awo anaima.

“Ukunena zoona, Jenifa?”

“Ndinachapa naye limodzi nsalu zake, amayi. Ndinaona ndi maso anga.”

Anayang'ana m'lichero. Kenako anati, “Ndiye kuti mwana uja anasunga mwambo, ine n'kumutukwana ndi mwambo womwewo.”

Ndinaona kuti khomo latseguka, ndiye ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kavidiyo kaja munatumiza, ka timaselo ta m'matumbo tikuthwanima mobiriwira ngati ziphaniphani. Ndinawakumbutsa za belu ndi timakomo, monga munafotokozera pansi pa mango. Ulendo uno sanaseke. Anaiyandikitsa foniyo kumaso, anaitalikitsa, anati ndibwerezenso.

“Kuthwanimaku ndiye belu wakeyo?”

“Eya, ndi kashiyamu akuchuluka. Zikamatero ndiye kuti makomo akutseguka.”

“Mwa Ulemu munkachitika zimenezi?”

“Zimenezo, koma osalekeza.”

“Nanga analiza ndani beluyo?”

“Kachilombo, amayi.”

“Osati munthu?”

“Osati munthu.”

“Ndipo chimene chinamubweza mwanayo ndi mchere womwe timauopawu?”

Ndinavomera ndi mutu. Musaganize kuti amayi asiya kukhulupirira za tsempho, ayi, zimenezo adzapita nazo kumanda. Anangoona kuti pa mlandu uwu anagwira munthu wosalakwa. Anandibwezera foni, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, “Madzi akatayika saoleka, mwana wanga.” Ndinati mwina saoleka, koma munthu amakatunga ena. Anandiyang'ana moipa ndithu, ati ndayamba kuyankha ngati mlongo wanga wa mbewa uja.

Panapita masiku osanenapo kanthu, ine n'kuyamba kutaya mtima. Ndiye Lachisanu lapitali ndikumanga dengu kuti ndizipita kumsika, ndinangoona atuluka atavala chilundu chawo cha pa ukwati wanu, tambala wamkulu wofiira uja atamangidwa miyendo ali m'khwapa. “Tomato saola tsiku limodzi,” anatero. “Ndiperekeze.” Pa Mitundu anaima pa golosale n'kugula paketi ya mchere. Ndinati mchere kunyumba ulipo, anati ndisamale zanga. Tinakwera minibasi mpaka pamphambano ya ku Bunda, n'kukweranso ina yolowera ku Dedza. Njira yonse tambala yekha ndiye ankadandaula.

Ku Nathenje anatilandira mwa mwambo, koma kunali kozizira kuposa Julaye. Anatiyalira mphasa, moni unayenda, a Jeremiya anaitanidwa, azimayi a pamudzipo n'kuyamba kubwera mmodzimmodzi ngati akudutsa chabe. Maness anabwera kudzapereka moni atagwada patali, wawonda achimwene, mafupa a m'khosi akuonekera. Ulemu atawaona agogo ake anayamba kudumphadumpha kumbuyo kwa amake, koma amayi sanatambasule manja kuti amutenge. Anangopereka tambala kwa amake a Maness, asewere awo, n'kunena kuti nkhani tikamba tikadya.

Tambala anaphedwa, anaikidwa pamoto. Ine ndinkadikira kuti amayi ayamba liti kupepesa, poti ndinali nditawakonzera mawu abwino m'minibasi monse muja. Iwo anangokhala, kuyankha za mvula ndi za mitengo ya fodya ku okushoni. Koma fungo la nkhuku litayamba kumveka anadzuka, mlendo wathunthu, n'kulunjika kukhitchini. Tonse tinadabwa, ndipo azimayi aja anatsatira, a Jeremiya nawonso n'kusendera pafupi. Tinapeza amake a Maness atatapa mchere kuti athire mumphika.

“Ayi asewere, taimani,” anatero amayi.

Anamasula chitenje, anatulutsa paketi ija, anaing'amba ndi mano. Kenako amayi anu, amene sindinawaonepo akugwadira munthu kupatula m'tchalitchi, anagwada pakhomo pa khitchini, maondo awo otupa aja, n'kutambasula manja onse awiri.

“Make Ulemu, bwerani. Ndiwo izi muthire ndinu. Ndipo woyamba kudya ndikhala ine.”

Palibe amene anafunika kumasuliridwa. Munthu sadya mchere wa mkazi amene akumukayikira. Zimene ananena pamaso pa azimayi kuchipatala anali akuzimeza pamaso pa azimayi ku Nathenje. Maness anaima pomwepo, manja ali pakamwa. Amake anamukankha pang'ono pamsana. Anabwera, anagwada nayenso, analandira paketi, anapita pamphika. Koma m'maso munali misozi yokhayokha, paketi nayo amayi anali ataing'amba kukamwa kwakukulu. Ndinaona ndi maso anga mulu woyera ukutsikira mumsuzi. Ndinafuna kukuwa, koma ndani akanatsegula pakamwa pa nthawi ngati imeneyo?

Chakudya chitabwera amayi anasamba m'manja, anapemphera, anatenga nthuli, anaiviika mumsuzi bwinobwino n'kuika m'kamwa, anthu onse akuyang'ana. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Mukumbuke kuti awa ndi amayi amene adokotala anawaletsa mchere chifukwa cha BP, amene kunyumba timawapatulira ndiwo zawo. Ine nditalawa lilime linachita kufota. A Jeremiya kumphasa ya amuna anatsokomola n'kuitanitsa madzi kawiri. Ndinawanong'oneza amayi kuti basi, aonetsa, asiye. Anandichotsa dzanja, anamaliza mbale yonse, anapukuta msuzi, kenako anakweza mutu.

“Make Ulemu, msuzi watsalako? Ndiwonjezereni.”

Apo m'pamene Maness anagwa pamiyendo pawo n'kulira mokweza, kulira konse kumene anakusunga kuyambira pambaula paja. Amayi anamugwira mutu, akuti, “Ndinalakwa ine, mwana wanga. Pakamwa panga pananditsogolera. Munali nokha, ife tonse kulibe.” Azimayi aja ena ankalira, ena ankaseka, wina analuluta. Ulemu ataona kuti anthu amuiwala anakwawa, anagwira chilundu cha agogo ake n'kuimirira yekha, miyendo ikugwedera. Akuti kanali koyamba. Pepani kuti sindinajambule, manja anga anali otanganidwa ndi kupukuta m'maso.

Musade nkhawa za BP. Dzulo ndinawaperekeza kukayezetsa, yakwera pang'ono, ndipo anesi atafunsa chimene anadya, amayi anati anali kuphwando.

Tsono mvetsani bwino, chifukwa apa m'pamene pali ntchito yanu. Maness sanabwere nafe. A Jeremiya anati mlandu wa apongozi watha, mbale yaumaliza, koma mwana wawo sanakwatiwe ndi apongozi. Maness naye potiperekeza kumsewu anandikokera pambali n'kunena kuti, “Alamu, ndimve kaye mawu a bambo a Ulemu. Akandiuza okha kuti ndibwerere, ndibwerera ngakhale wapansi.” Wati foni aiyatsa kuyambira lero, Lamulungu.

Chipu, mwana wa amayi anga, leka ndikutchule monga ndinkakutchulira ndikukupukuta mamina. Muimbire lero lomwe, usadikire mayeso. Ndipo ndakupempha, usayambe ndi kumuphunzitsa za timakomo ndi belu, kapena kumufunsa chifukwa chake sanathire mchere. Zimenezo wadzifunsa yekha kokwanira. Ndikukudziwa iwe, ukachita mantha umayamba kufotokoza. Ungomufunsa mmene wadzukira, umuuze kuti wamva zonse ndipo sunamukayikirepo, umuthokoze kuti anakhala ndi mwana wako pamiyendo tsiku lonse lija osamusiya. Ukafuna kukalipa, kalipira ine wa bodza la ndowa, ndili ndi msana.

Zina zonse zili bwino. Mbuzi yanu yaswa ana awiri. Denga la khitchini likufuna udzu mvula isanabwere, koma zimenezo tidzakamba. Ndagula mapaketi a Thanzi n'kuwaika m'chitini pamwamba pa kabati, ena ndagawira a Enelesi kuti pakamwa pawo papezeko ntchito yabwino. Ndawauza azimayi a kumpingo kuti ubwino wa paketi ndi wakuti mchere anathiramo kale anthu ena, dzanja lako silikhudza, choncho tsiku lililonse la mwezi ukhoza kumupangira mwana. Anaseka mwamanyazi, koma ambiri anabwera kudzandifunsa pambali. Nanunso mukadzabwera kudzatiphunzitsa, mudzakumbukire zimenezi.

Akupereka moni a Madalo a pa okala, ati Thanzi sadzathanso. Wilson akupereka moni, iye sakudziwa n'komwe kuti dzina lake linalowa m'nkhani, ndipo zikhale choncho. A Jeremiya ati mulimbikire sukulu koma muzikumbuka kuti muli ndi nkhoswe. Ulemu moni wake ndi malovu, anandipaka tsaya lonse kuti ndikupatsireni.

Amayi ali panja apa, ndipo andigwira ndikulemba. Ndimayesa akalipa, koma angofunsa ngati ndalemba zonse, n'zakuchipatala zomwe. Ndati eya. Kenako ati ndilembe mawu awo mmene akunenera, osasintha. Akuti mbewa zanuzo muzisamale, ndipo mukadzapeza chozimitsira belu uja mubwere nacho msanga, ana akudikira. Akuti chipinda chanu asesa, ndipo kachipewa ka mwana achapa. Akutinso, “Umuuze mwana wanga kuti anakwatira bwino. Mkazi wake amadziwa kuthira mchere.”

Ndine mlongo wanu wokukondani, amene akudikira kumva kuti foni ya ku Nathenje yalira,

Jenipher